Nkhanu ya ku Australia: Ciweto m'Diramu, Mliri m'Mtsinje

Ku maiko a Azungu kuli anthu amene aweta tinkhanu tating'ono m'mabokosi a galasi odzala madzi, kungofuna kukongoletsa nyumba. Mtundu wina ucedwa ghost shrimp, ndiko kunena kankhanu ka mzukwa, cifukwa thupi lace lionekera mkati monga galasi, kotero kuti cakudya cimene kadya cioneka m'mimba. Tinkhanu tonga timeneti tilimonso m'nyanja ya Tanganyika, ndipo ndi cakudya ca kapenta. Koma nkhanu imene anthu a ku Lusaka aidziwa tsopano ndi ina, yaikulu, ya mcira ndi zala ziwiri zopanira, imene igwidwa mu Kafue ndi kugulitsidwa m'tauni.

Kwao kwa nkhanuyi ndi kumpoto kwa Australia ndi ku New Guinea. Inabwera muno kudzawetedwa m'maiwe a nsomba, koma ca m'ma 2001 inayamba kupezeka mu mtsinje wa Kafue, ndipo posakhalitsa inaonekanso ku Siavonga m'nyanja ya Kariba. Yamphongo idziwika ndi banga lofiira pa zala zace.

Munthu wa ku Kanyama, ku Cawama kapena ku George, kumene nyumba zithinana ndipo malo okumba dziwe palibe, angathe kuiweta m'diramu lodula pakati kapena m'bafa lakale. Nchitoyi ioneka yapafupi, koma zobvuta zace ziyambira pa madzi. Madzi a pampopi ali ndi klorini, mankhwala amene ateteza anthu ku kolera koma apha nkhanu. Ayenera kukhala m'ndowa yosabvundikira tsiku limodzi kapena awiri asanathiridwe m'diramu. Madzi a m'zitsime zosazama za m'makomboni, zimene zayandikana ndi zimbudzi, sayenera konse. Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu ndiwo oopsa kopambana: kupopera pang'ono pafupi ndi diramu kungathe kutha ciweto conse usiku umodzi.

Cakudya si cobvuta. Idya masamba, zotsala za nsomba ndi cakudya ca nkhuku, koma pang'ono-pang'ono madzulo, pakuti cotsala cibvunda ndi kuononga madzi. Gawo limodzi la magawo anai a madzi lisinthidwe sabata iriyonse. Amene adalira kapampu ka magetsi kolowetsa mpweya akumbukire caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupi-fupi tsiku lathunthu. Nkhanu zocepa m'diramu lotambalala zipirira bwino kuposa zambiri zothithikana.

Kuswana kwace ndiko kocititsa cidwi. Yaikazi inyamula mazira ace kunsi kwa mcira, mazana atatu kufikira mazana asanu ndi atatu, niwapepeza ndi timiyendo tace kuti apeze mpweya. Patapita masabata asanu ndi limodzi kapena kupitirira, monga madzi afundira, ana aswa ali ndi maonekedwe a mai wao, nakangamira pa iye masiku angapo. Akangomleka, cibale catha. Mai adya ana ace, ndipo ana adyana okha-okha, makamaka pamene wina wafundula cikamba cace nakhala wofewa. Cifukwa cace woweta wanzeru acotsa mai msanga, naika m'madzi tizidutswa ta mapaipi, njerwa za mabowo ndi masaka a anyezi, kuti yense apeze pobisala. M'miyezi ya June ndi July, pamene Lusaka azizira, kuswana kuima ndipo kukula kucedwa.

Diramu liyenera cibvundikiro. Nkhanuyi ikwera, ndipo iyenda pamtunda usiku ngati pansi pali ponyowa. Ku Kanyama, kumene madzi a dzinja alowa m'nyumba, diramu losefukira lingathe kutumiza ciweto conse m'ngalande.

Apa ndipo pali nkhani yokhudza a kumudzi. Asodzi a mu Kafue ndi Kariba adandaula kuti nkhanuyi idya nsomba zokodwa m'ukonde usiku, kotero kuti m'mawa abvuula nsomba zoboola mimba, zosagulitsika, ndi ukonde wong'ambika poikolola. Pofika 2014 inali itapezeka ku cigwa ca Barotse ku Mongu, kutali kumene sikadafika yokha: anthu ndiwo anainyamula. Ikalowa mu mtsinje palibe njira yodziwika yoicotsera.

Tsono mwana wa ku Matero akafika kumudzi ndi nkhanu zamoyo m'cigubu, nati aziponye m'damu la mudzi kuti anthu apeze ndiwo, a mfumu ndi makolo ali nako kukana. Lamulo la Nsomba la 2011 liletsa kuika zamoyo zotere m'madzi ena popanda cilolezo ca Dipatimenti ya Nsomba, imene likulu lace liri ku Cilanga. Nkhanu zimene woweta watopa nazo aziphike m'madzi owira a mcere kufikira zitafiira. Mnofu wace uli kumcira.