Wopita ndi usipa ku Lilongwe, masiki akhale pamphuno



Pa 2 April 2020 boma litalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi Covid-19 ku Lilongwe, ambiri a ife tidati awa ndi matenda a okwera ndege, okhala m'mipanda ya ku ma Area. Tidaiwala kuti mmodzi mwa atatuwo anali wantchito wa pakhomo. Nanga antchito a m'nyumba zoterezi ndiwo amakagula kuti? Si ku msika wa mu Old Town, kumene ana athu amatsitsa matumba a usipa ndi utaka wochokera ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi? Pa 12 January 2021, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zidamwalira tsiku limodzi, ndipo bwalo la mpira la Bingu lidasanduka chipatala.

Kachilomboka kamayenda ndi mpweya wa munthu. Tikamayankhula, kutsokomola kapena kuitanira malonda, mkamwa ndi m'mphuno mumatuluka timadontho tosaoneka ndi maso. Tikulutikulu timagwa pafupi, nchifukwa chake a zaumoyo ankati titalikirane mita imodzi kapena kuposa. Ting'onoting'ono timatsala m'malere, makamaka m'chipinda kapena m'galimoto yotseka mawindo. Chovuta nchakuti munthu amatha kupatsira anzake iye asanamve kalikonse m'thupi, ndipo zizindikiro zimatha kuoneka patapita masiku mpaka 14.

Tsono kutalikirana nkosavuta kwa bwana wa ku Area 10 kapena Area 43, amene ali ndi bwalo lalikulu, galimoto yakeyake ndi ofesi ku City Centre. Mwana wathu akatsika pa depoti, nkuyenda mu Malangalanga dengu lili pamutu, mita imodzi aipeza kuti? Mapewa amakhudzana, kondakitala akukuwira kumaso. Pamenepo chotsala ndi masiki basi. Ndiye kwa ife osauka masiki ndi wofunika kuposa kwa iwo.

Koma masiki wa pachibwano ali ngati ukonde wong'ambika pakati: mwavutika kuunyamula, nsomba zapita. Atseke mphuno ndi pakamwa pomwe, ngakhale potsatsa mtengo. Sipafunika wa kusitolo ayi. Telala asoke wa chitenje, nsalu ziwiri kapena zitatu zophatikiza. Mukhale nawo awiri, wina akanyowa ndi thukuta musinthe, madzulo muchape ndi sopo nkuyanika padzuwa. Osabwerekana. Chindapusa cha K10,000 kwa wosavala chidakhazikitsidwa mu August 2020, ndipo pa geni ya usipa imeneyo inali ndalama yoti mpamba ukanagwa nayo. Mu minibasi pemphani zenera litsegulidwe, ngakhale ena adandaule za fumbi.

Ku mzikiti nkomwe ambiri mtima unkawawa. Tidaphunzira ku madrasa kuti pa swala tiime phewa ndi phewa, mu 2021 tinkati siyani mpata, bwerani ndi mkeka wanu, wudhu muchitire kunyumba, salamu ikhale ya pakamwa dzanja lili pachifuwa. Ifenso sitinkakondwa nazo. Koma kumbukirani kuti Khalifa Umar ali pa ulendo wa ku Shami adamva kuti kutsogolo kwagwa mliri, adabwerera ndi gulu lake, ndipo palibe anganene kuti chikhulupiriro chake chinali chochepa. Mu 2020 ngakhale Hajj idachitika ndi anthu ochepa kwambiri, okhala mu Saudi Arabia momwemo. Mu 2021, amene Ijuma yawapeza ku Lilongwe, akaona mzikiti wa mu Old Town wakwana chiwerengero chololedwa, sankayenera kulimbana ndi a pakhomo. Ankayenera kukaswali Dhuhr pamene afikira.

Ngozi yaikulu ili pobwerera. Matendawa akupha kwambiri okalamba ndi odwala shuga kapena BP, ndiye kuti agogo amene atsala akulondera chimanga ndi mpunga kumunda. Wochokera ku tauni asambe m'manja ndi sopo asanagwire mwana, agogo awapatse moni ali patali, ndipo ngati nkotheka agone kwa yekha masiku angapo. Akayamba kutentha thupi, kutsokomola, kapena kusamva fungo la nsomba zomwe zili pathandala, asapite ku doko kapena ku Ijuma. Mpweya ukayamba kubanika, musadikire kuti kuche, pitani naye kuchipatala atavala masiki, womuperekezanso avale wake.