Mantha Achedwetsa Anthu Achialubino Kukayezetsa Khungu

Khansa ya pakhungu imapha anthu ambiri achialubino asanakalambe, chonsecho imachizika ikapezeka msanga. Kupatula kutalika kwa mtunda, ena amachedwa kupita kuchipatala chifukwa choopa zimene akachitidwe kumeneko.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'dziko muno munali anthu achialubino 134,636. Khungu lawo silitha kudziteteza ku dzuwa, motero pamatuluka timabala tokhakhala kumaso, m'makutu, pakhosi ndi m'mikono, ndipo tina mwa ito tikalekereredwa timasanduka khansa.

Timabala totere madotolo amatiumitsa ndi madzi ozizira kwambiri a nitrogen, omwe kuzizira kwake kumafika madigiri 196 pansi pa ziro. Ntchitoyi imatenga masekondi ochepa chabe. Wodwala amamva kuyaka pang'ono, mwina patuluke thuza, koma pamapola m'masabata ochepa.

Chimene ambiri amachiopa koposa ndi kudulidwa kachidutswa ka khungu kuti kakapimidwe. Dotolo amayamba wabaya jakisoni wochititsa dzanzi, kenako amachotsa kachidutswa kochepa ngati njere ya mphodza n'kusokapo, ndipo wodwala amabwerera kwawo tsiku lomwelo. Mphekesera yoti kudulako kumafalitsa khansa njabodza. Choopsa n'kudikira mpaka chilonda chitazama.

Manthawa ali ndi maziko. Kuyambira mu 2014, dziko lino lidaona mchitidwe wopha ndi kudula ziwalo za anthu achialubino, kotero n'zomveka kuti munthu akayikire akamva kuti achotsedwa khungu. N'chifukwa chake wachipatala ayenera kufotokoza komwe kachidutswako kakupita, chifukwa chake, ndiponso tsiku limene zotsatira zidzatuluke. Wodwala ali ndi ufulu wofunsa, wobwera ndi mbale wake, komanso woyamba wavomereza asanagwiridwe.

Mabungwe a APAM ndi Standing Voice akhala akugwira ntchito ndi boma pofikitsa chithandizo cha khungu ndi mafuta oteteza ku dzuwa m'maboma osiyanasiyana. Komabe mabwanamkubwa, alangizi a zaumoyo ndi aphunzitsi aakulu ndiwo ali pafupi ndi anthuwa. Polengeza tsiku la kiliniki, ndi bwino kufotokozanso zimene zikachitike kumeneko, kuti amene ali ndi kabala kosapola asatsalire pakhomo.