Amai Nawonso Akutsogolera Nchito ya Kanema

Amene anaonerapo gule wa chilimika m'midzi ya ku Chintheche ndi ku Kande pa chiyambi cha chaka adziwa kuti gule ameneyu sangoyambika yekha ai. Pamakhala amai amene amapeka nyimbo, naphunzitsa atsikana kaponyedwe ka mwendo, nauza yense pamene ayenera kuima. Nchito yotereyi ndiyo imenenso amagwira wotsogolera kanema: amasankha ochita sewero, amalamula wojambula, ndipo chithunzi chikaipa mlandu umakhala wache.

Nchito imeneyi inachedwa kukhwima m'dziko muno, popeza wailesi ya kanema ya Boma inayamba m'chaka cha 1999. Chifukwa chache amai athu anayambira pa masewero a pabwalo. Mai Gertrude Kamkwatira anatenga utsogoleri wa gulu la Wakhumbata atamwalira a Du Chisiza Jr m'chaka chomwecho, ndipo pambuyo pache anayambitsa gulu lao la Wanna-Do. Iwo anamwalira mu 2006.

Amene anatsata mapazi ao ndi Mai Joyce Mhango Chavula. Mu 2009 anasiya nchito yolembedwa nayambitsa gulu la Rising Choreos. Mu 2013 anatulutsa kanema wochedwa No More Tears, amene mbali yache anajambula m'mphepete mwa nyanja ku Salima. Nkhani yache ndi ya mtsikana wamasiye amene abale a bambo wache akumlanda chuma, bvuto limene ma ofesala a Boma amakumana nalo kawirikawiri. Mu 2016 kanema wao wina, Lilongwe, anapambana mphotho ya Africa Magic ku Lagos monga kanema woposa onse wa kumwera kwa Africa.

Kwa anansi athu a ku Zambia zachitikanso zotere. Mai Rungano Nyoni, obadwira ku Lusaka ndi kukulira ku Wales, analandira mphotho ya BAFTA mu 2018 chifukwa cha kanema wao I Am Not a Witch, ndipo mu 2024 anawapatsa mphotho ya utsogoleri wa kanema ku Cannes.

Tsono tibwerere kunyanja. Boma la Nkhata Bay liri ndi nkhani zambiri zoyenera kujambulidwa. Amishoni anakhazikika pa Bandawe mu 1881. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira, anayambitsa bungwe la anchito ku Cape Town mu 1919. Amuna ochuruka anapita kukagwira nchito ku Harare ndi ku Joni, ena osabwerera konse, ndipo amene anatsala akulima chinangwa, kuyanika usipa ndi kulera ana anali akazi. Mbiri ya omuka yalembedwa m'mabuku, koma ya otsala amaisunga ndi agogo akazi a ku Usisya ndi ku Mpamba. Kodi angaifunse bwino ndani koposa mdzukulu wao wamkazi?

Masiku ano foni ya m'manja ikhoza kujambula kanema waufupi. Chotero tipempha aphunzitsi kuti pokonza sewero la pa sukulu asamangopatsa atsikana mbali ya mai wolira kapena wotunga madzi. Apatseniko mpata wolemba sewerolo ndi kulitsogolera, anyamata nawamvere. Agogo aja akukalamba, ndipo nkhani zao zidzapita nao ngati palibe wozijambula.