Khoma la Berlin litagwa, fumbi linafika ku Kasungu

Pamene khoma la Berlin limagwa pa 9 November 1989, alimi a ku Kasungu anali pakalikiliki kuthirira nazale za fodya. Ndi ochepa akadaganiza kuti zochitika ku Germany zingagwedeze mpando wa mwana wa kwawo, Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda.

Kamuzu ankadana ndi chikomyunizimu, ulamuliro wa maiko ngati Soviet Union pomwe boma limagwira chuma chonse pansi pa chipani chimodzi. Chidanichi ndicho chinkamudyetsa. Britain ndi America ankamuthandiza ngati bwenzi, osafunsa zambiri za anthu otsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu. Soviet Union itatha mu December 1991, ubwenziwo unasukuluka. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yodzudzula boma, mu April Chakufwa Chihana anamangidwa, ndipo mu May maiko opereka thandizo, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo lachitukuko.

Pa riferendamu ya 14 June 1993 nyali inagonjetsa tambala wakuda, ngakhale ambiri m'chigawo chapakati anakakamira chipani chimodzi.

Koma kwa mlimi wa ku Chamama kapena Santhe, kusinthaku kunaonekera kwambiri m'chigafa. Chodabwitsa n'chakuti Kamuzu, mdani wa chikomyunizimu, nayenso ankagwira msika pakhosi. Lamulo la Special Crops Act linkalola maesiteti okha kulima fodya wa bale, ndipo ena mwa akuluakulu anali a kampani yake ya Press. Mlimi wamba ankagulitsa mbewu zake ku ADMARC pamtengo wouzidwa, apo ayi kukalowa utenanti. Kuyambira 1990 chitseko chinayamba kutseguka, ndipo makalabu a alimi anafika mpaka ku okushoni.

Ufuluwo sunabwere ndi mtengo wabwino. Ogula fodya ndi makampani owerengeka, ndipo mabelo obwezedwa ku msika wa Chinkhoma akhala akuliza mabanja ambiri.

Kum'mawa kuja, Russia inabwerera m'manja mwa munthu mmodzi, Vladimir Putin. Kuno voti ikadalumabe. Pa 3 February 2020 khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, ndipo Lazarus Chakwera anabwezeretsa MCP m'boma. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza n'kukwera mtengo, ovota anamuchotsa mu September 2025 n'kubwezeretsa Peter Mutharika.