Mukachoka pakhomo, nsomba za m'damu zitsala bwanji?

Alimi anzanga, maliro, chinkhoswe kapena matenda a m'bale amatichotsa pakhomo masiku angapo. Nanga damu la nsomba litsala ndi yani?

Ine ndikamanyamuka sindidera nkhawa za njala. Makumba ndi chilunguni zimatha sabata yathunthu popanda madeya, pakuti m'madzi obiriwira muli tizomera ndi tizilombo timene zimadya. Choopsa ndi kupatsa mopitiriza. Madeya otsala amaolera pansi n'kumaliza mpweya m'madzi, ndipo nsomba zimatha kufa usiku umodzi wokha.

N'chifukwa chake ndimayezeratu chakudya cha tsiku lililonse m'kajumbo kakekake. Wotsalayo athire kamodzi basi.

Ndimamuuzanso kuti azifika kudamu m'mbandakucha, nthawi imene mpweya umachepa kwambiri. Akapeza nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi, asathire madeya tsiku limenelo, koma atsegule ngalande kuti mulowe madzi atsopano. Manyowa asathire mpaka nditabwera.

M'nyengo ya mvula azichotsa zinyalala pa sefa ya paipi yotulutsira madzi. Ikatsekeka, damu limasefukira, nsomba n'kulowera kudambo.

Tsono pali katumbu, ng'azi ndi akuba. Ndisanachoke ndimatchetcha udzu m'mbali mwa damu kuti zilombo zisowe pobisala, ndipo ndimazika nsungwi za nthambi m'madzi kuti ukonde wa wakuba ukodwe.

Nsomba zimene mwavutika nazo miyezi 6 zisatayike m'masiku 5. Musanakwere basi, pitani kaye kudamu ndi amene mukumusiyirayo.