MACEKA AKALE A INJINI: MUSAFULUMIRE KUWATAYA

Anthu ambiri oceka matabwa ali ndi maceka a injini amene anagula kwa ena atagwira kale nchito zaka zambiri. Tsiku lina injini ikana kulira, mwini wace akoka cingwe mpaka thukuta kamukamu, ndipo pomariza anena kuti, "Yafa." Koma kawirikawiri injini yotere siinafe ai. Yangodwala, ndipo munthu wofatsa akhoza kuiciza.

Maceka amenewa ngakale ndithu. Bambo Andreas Stihl wa ku Stuttgart, m'dziko la Germany, anapanga maceka a magetsi m'caka ca 1926, ndipo a petulo m'caka ca 1929. Oyambawo anali olemera, ofuna anthu awiri. M'caka ca 1959 anaturutsa ena ochedwa Contra, amene munthu mmodzi anali kuceka nawo yekha. Injini za maceka a nthawi imeneyo nzosavuta kumasula, ndipo zina zikali kulira kufikira lero.

Coyamba kudziwa ndi ici: injini ya maceka iribe mphika wa oilo monga ya galimoto. Oilo amene muthira m'petulo ndiye adzoza pisitoni. Maceka akale ambiri anafuna gawo limodzi la oilo wa 2T pa magawo 25 a petulo, ndiko kuti mamililita 200 pa malita 5. Oilo akacepa, pisitoni ipsa.

Kuti injini ilire pafunika zinthu zitatu: moto, mafuta, ndi mphamvu yopanikiza. Ziyeseni cimodzi-cimodzi, kuyambira cosalira ndalama.

MOTO. Masulani pulagi, mucotse mwaye, muone kuti mpata wa pa mlomo pace uli ngati theka la milimita. Bwezerani waya wace, mukhudzitse pulagiyo pa citsulo ca injini kutali ndi petulo, ndipo kokani cingwe. Moto wabwino uthetheka mwamphamvu. Ukapanda kuoneka, yesani pulagi yina. Ukakanabe, onani mapointi amene ali kuseri kwa gudumu loomba mphepo. Akacita dzimbiri apaleni pang'ono.

MAFUTA. M'kati mwa kabuleta muli kamphira kopyapyala kamene kapopa petulo, ndico cifukwa cace maceka alira ngakhale muwapendeketse. Maceka akakhala miyezi ndi petulo m'tanki, kamphirako kauma gwa. Dziwaninso kuti kuyambira caka ca 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, petulo wa ku Malawi asanganiza ndi ethanol wocokera ku nzimbe. Ethanol akoka cinyezi, ndipo aononga mphira zakale. Tsono sinthani kamphirako, kapaipi ka petulo ndi sefa ya m'tanki. Musapise waya m'timaboo ta kabuleta, mungatikulitse.

KUPANIKIZA. Nyamulani maceka pogwira cogwirira ca cingwe cokha. Akatsika pang'ono-pang'ono, mphamvu ikalipo. Akatsika msanga, maringi atha. Masulani ekizozi ndi kusuzumira pa boo lace. Mukaona mizere yozama pa pisitoni, ndiye kuti yapsa.

Apa ndipo ambiri ataya ndalama zao. Agula pisitoni yatsopano osafunsa cimene cinapsereza yakale. Mbali zonse ziwiri za shafuti kuli mphira zotseka mphepo, zimene amakanika azicha masiili. Zikakalamba, mphepo ilowa mwakuba, mafuta acepa m'injini, ndipo itentha kopitirira. Cizindikiro cace ndi ici: injini ikweza mau yokha, ndipo cheni cizungulira inu musanapanikize. Mukapanda kusintha masiiliwo, pisitoni yatsopano idzapsanso posacedwa. Ngati mulibe zitsulo zoyenera, pitani kwa makanika, pakuti safunsa anadya phula.

Kumbukirani kuti maceka akale ambiri alibe buleki yoimitsa cheni. Pokonza, yambani mwazula waya wa pulagi. Poyesa injini, ikani maceka pansi, muwagwire zolimba, ndipo ana akhale kutali. Mukamariza nchito khuthulani petulo, ndipo injini ilire mpaka izime yokha. Maceka akacira, musakaceke nawo m'nkhalango za Boma popanda cilolezo ca a Nkhalango.

Inu aphunzitsi ndi ena odziwa kuwerenga, werengerani mau awa anzanu oceka matabwa a m'mudzi mwanu.