Mtondo, chigayo ndi galimoto yopanda dalaivala

Kale pakhomo lililonse pankakhala mtondo. Amayi ankasinja m'mawa, kenako mtondowo unkaswera chogona pansi pa nkhokwe kudikira mawa. Chigayo chitabwera, makina amodzi anayamba kugayira midzi ingapo. Mitondo inapuma, koma pakhomo pa chigayo panabadwa mzere wa madengu ndi matumba.

Galimoto ya munthu mmodzi ndi mtondo. Donald Shoup, katswiri wa mapulani a mizinda wa ku Los Angeles, ankakonda kukumbutsa anthu kuti galimoto wamba imakhala chiimire pafupifupi maola 23 pa tsiku. Chonsecho imafuna malo kunyumba, kuntchito, kusitolo ndi kutchalitchi komwe. N'chifukwa chake ku America bwalo laphula loimikapo magalimoto nthawi zina limakula kuposa sitolo yake.

Takisi yodziyendetsa yokha ndiye chigayocho. Kampani ya Waymo inayamba kunyamula anthu wamba popanda dalaivala m'dera la Phoenix mu 2020, ndipo mu 2024 inatsegulira aliyense ku San Francisco. Umaiitana pafoni, yakutula, yapita kukatenga wina. Siikudikira panja. Khonsolo ya Chandler ku Arizona inaonera patali: mu 2018 inalola omanga nyumba kuchepetsa malo oimikapo magalimoto mpaka ndi 40 peresenti, n'kuwalimbikitsa kukonza pokwerera ndi potsikira anthu.

Pamenepo ndi pomwe pali mzere wa kuchigayo uja. M'mphepete mwa msewu, pomwe lero galimoto imodzi imagonapo tsiku lathunthu, padzakhala popikisana: uyu akutsika, uyo akukwera, wa katundu akutsitsa, basi nayo ikufuna poima. Mzinda wosakonzeratu malo amenewa udzaona matakisi akuima pakati pa msewu kapena m'kanjira ka njinga. Koma mzinda wokonzeka ukhoza kutenga phula lotsalalo n'kukulitsa njira ya oyenda pansi, kubzala mitengo ya mthunzi, ngakhale kumangapo nyumba zogona.

Fanizoli lili ndi polekezera, poti chigayo ichi chili ndi mateyala. Pochoka kwa Nabanda kupita kwa Naphiri chimayenda chopanda kanthu, ndipo ulendo wopanda munthuwo umadya msewu ngati wina uliwonse. Usiku nacho chimafuna khola. Mu 2024 anthu okhala pafupi ndi bwalo lina ku San Francisco ankasowa tulo chifukwa magalimoto a Waymo ankaimbirana mahutala pofuna poima, mkati mulibe ndi munthu mmodzi yemwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi woyenda pansi. Mu 2018 galimoto yoyeserera yodziyendetsa yokha ya kampani ya Uber inagunda ndi kupha mayi wina amene ankawoloka msewu akukankha njinga mumzinda wa Tempe. Kompyuta imayenda bwino pomwe zonse n'zolongosoka, choncho padzapezeka onena kuti anthu atchingiridwe mipanda, aziwolokera pomwe alamulidwa basi. Zoterezi zinachitikapo m'ma 1920, pomwe mizinda ya ku America inakankhira oyenda pansi m'mbali kuti magalimoto azithamanga. Ine ndikuti makinawo ndiwo aphunzire kudikira gogo wa ndodo ndi mwana wothamangira mpira, ndipo akalephera, khonsolo ichepetse liwiro pamsewupo, osati kumanga mpanda.